Ufa Wochapa Magazi

Botolo la mankhwala a Kachule silinkatsika, ndipo mayi ake, amene sagona tulo akakayikira chinthu, anaona msanga. Mwanayu, yemwe anamupatsa dzinali chifukwa chodumphadumpha, anali ndi matenda akugwa. Ankayenera kumwa mankhwala m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Koma Make Kachule ankalawirira kushopu yosoka zovala mwana asanadzuke, n'kusiya zonse m'manja mwa apongozi ake aakazi. Akaweruka, yankho linali lomwelomwelo: "Ndamupatsa kale, pumulani."

Lolemba anamanga ulusi wofiira pabotolo, pomwe mankhwala analekezera. Lachitatu mankhwala anali pa ulusi pomwepo. Atasuzumira m'kabati, kuseri kwa makapu a alendo, anapeza chitini cha ufa wobiriwira cholembedwa kuti "Chammwamba wa antiokisidanti, wotsimikizidwa ndi kafukufuku".

"Amayi, ufa uwu ndi wandani?"

"Mwayamba kufufuza m'makabati ngati apolisi? Ndi wanga, wa miyendo."

"Nanga lilime la Kachule labiriwira bwanji?"

"Make mwana, ine ndalera ana asanu ndi awiri. Inu kamodzi komweka mukufuna mukaike m'galasi."

Make Kachule anaganiza zodikira bambo a mwana, omwe amayendetsa lole, abwere Loweruka adzalankhule ndi mayi awo. Koma matenda sanadikire. Lachisanu masana foni inalira ali pamakina: Kachule wagwa, wadzitema pachipumi pa ngodya ya tebulo.

Kuchipatala, atamusoka mwana, namwino anafunsa kuti wamwa liti mankhwala komaliza. Make Kachule anayang'ana apongozi. Apongozi anayang'ana nsapato zawo, kenako anatsegula chikwama.

"Anesi, ine sindinachite mwaumbuli ayi. Wogulitsayo anandionetsa ndi maso angawa. Ndipatseni tambula ya madzi ndi ayodini wa pazilonda uja."

Namwino anawapatsa. Apongoziwo anadonthezamo ayodini, madzi n'kuda, kenako anathiramo madzi a ufa omwe anasefa m'kabotolo. Kuda kuja kunazimirira.

"Mwaona? Umu ndi momwe umachapira magazi. Mankhwala anuwa amangomugonetsa mwana ngati chidakwa."

Namwino sanaseke. Anadetsanso madzi ena, natenga lalanje lomwe wodwala wa bedi loyandikana ankasenda, nafinyiramo. Madzi anayera mbee.

"Agogo, ndiye tinene kuti lalanje limachiza matenda akugwa?"

"Ndiye kuti anandinamiza?"

"Theka lokha, ndipo bodza la theka ndi limene limapweteka. M'masamba a chammwamba mulidi antiokisidanti, zinthu zothandiza kuti maselo a m'thupi asawonongeke msanga. Zilinso m'zipatso ndi m'masamba ambiri omwe mumadya. Ofufuza amaviika masamba, n'kuyesa madzi ake m'timabotolo ta mu labu. Koma mwana si kabotolo. Chomwe chayeretsa tambula sichinaonetse kuti chingaletse kugwa. Ndipo mankhwala awa mukawasiya mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera ndi ukali. Lero ndi chipumi. Akanakhala pafupi ndi moto kapena ndowa ya madzi?"

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Zakugona mwanenazo ndi nkhani yeniyeni," anapitiriza namwino. "Mukanatiuza, adokotala akanaona ngati muyezo ukufunika kusintha. Nanunso amayi, munadziwa liti?"

"Lachitatu," anayankha Make Kachule. "Ndinaopa kuoneka wamwano."

"Ulemu ndi wabwino, koma mwana sangamwe ulemu."

Potuluka, apongozi ndi amene anabereka Kachule. Atafika pageti anaima, osatembenuka.

"Make mwana, tikafika mundionetsenso muyezo wa kasupuni ka mankhwala kaja."

Make Kachule anawaonetsa, kawiri konse. Koma kuyambira tsikulo amafika kushopu mochedwa, abwana akalipe asakalipe. Sachoka pakhomo asanamve Kachule akuti gwidyo, n'kumuyasamitsa kukamwa.

Phunziro: Tsamba likhoza kukhala ndi ubwino wake osakhala mankhwala a matenda a mwana wanu. Musasiye mankhwala a kuchipatala musanafunse achipatala, ndipo mukakayikira kanthu lankhulani tsiku lomwelo, ngakhale kwa apongozi.