Nkhunda za Kuseri kwa Nyumba

Amake Kanyerere anaima pafupi ndi chitseko, nsapato zakuda zili m'manja, akudikira kuti agogo amunamize mwana.

"Bwera mdzukulu, tikaone nkhunda," anatero agogo, n'kumunyamula Kanyerere kupita naye kuseri kwa nyumba. Atangokhota, mayiyo anatuluka monyang'ama, n'kukavalira nsapatozo pamsewu ngati mbala.

Ankachita zimenezi m'mawa uliwonse chimukwezereni pantchito ku fakitale yosoka malaya, komwe tsopano ankayang'anira mzere wonse wa makina. Nzeruyi inali ya agogowo, amayi ake omubereka. Iwo ankaopa zambiri: galimoto zothamanga, mawaya a magetsi, singano za makina. Koma chimene ankaopa kwambiri chinali misozi ya mwana. Ankati ukasiya mwana akulira, kulirako kumakutsata m'makutu tsiku lonse, maganizo amabwerera kunyumba chala chili pansi pa singano. Ndipo sankanama. Zala zobooka zilipo zambiri, eni ake amangozibisa.

Nkhunda kuseriko kunalibe, zinasamuka kalekale. Mwana wa zaka zitatu ankangoyang'ana denga lopanda kanthu, akabwerera m'nyumba n'kupeza mayi palibe.

Bambo ake a mwanayo ankayendetsa lole m'maulendo ataliatali, ankangobwera kudzachapitsa zovala. Kuntchitonso, anzake akale ankadula macheza mayiyo akayandikira. Masana ankadya yekha pazenera, pakati pa tizidutswa ta nsalu. Tsiku lina wosoka makolala, mayi wapakamwa polasa, anamuponyera mawu makina asanazime.

"Abwana, koma mwana wanu amakudziwani? Kapena amakutchani azakhali?"

Mzere wonse unaseka. Iyenso anaseka, poti bwana sakwiya pagulu. Madzulo ake anapita kunyumba ndi kadiresi kamene anasoka pa nthawi yopuma. Munthu amene ankayeza mlendo ndi maso okha osaphonya, kadiresi ka mwana wake kanakanira m'mapewa. Kanyerere anakavula yekha, n'kukabisala kumbuyo kwa agogo.

Loweruka kunalibe ntchito. Mayi anatenga nsapato zakuda zija kuti azipukute pakhonde. Kanyerere ataziona anasiya supuni m'mbale, anatsika pampando, n'kukagwira agogo dzanja.

"Agogo, tiyeni ku nkhunda. Amama akufuna kuthawa."

Sanalire ayi. Anatsogola yekha, nakaima kuseri kuja atafulatira nyumba, kuti amayi ake athawe bwino. Mayi anasuzumira pazenera, nsanza yopukutira ili m'manja. Kamwanako kanali chiimire, maso kumwamba, kakudikira kuti nthawi ikwane. Anthu amaopa mwana wolira, koma woopsa ndi amene wasiya kulira. Agogo nawo anaona, ndipo tsiku lonselo pakamwa pawo sipanatuluke chenjezo ngakhale limodzi.

Lolemba m'mawa mayi anavalira nsapato m'nyumba, pamaso pa mwana. Agogo anayamba pomwepo: basi siidikira munthu, geti la fakitale amatseka, udindo anthu akuusirira, singano ilibe chisoni. Anatambasula manja kuti anyamule mdzukulu.

"Amayi, lero musiyeni."

Anagwada mpaka nkhope yake italingana ndi ya mwana.

"Kanyerere, ndikupita kuntchito. Sindikuthawa. Waona mthunzi wa mpanda uwo? Ukadzafika pachitseko madzulo, ine ndafika."

Mwana anamuyang'ana kanthawi, kenako anatulutsa kulira kumene anasunga miyezi yonseyo. Anagwira siketi ndi manja onse awiri. Mayi anamasula tizala tija kamodzikamodzi, n'kutuluka osatembenuka. Kulirako kunamuperekeza mpaka pa mphambano. Basi inali itapita.

Anafika geti litatsekedwa, mpaka anachita kumuchonderera mlonda. Mkulu wa fakitale anamukalipira pamaso pa mzere wonse, namuuza kuti ofuna mpando umenewo ndi ambiri, zikachitikanso sadzalankhula kawiri. Wosoka makolala sanaseke. Tsiku lonse kulira kuja kunali m'makutu monga ananenera agogo, ndipo mayi ankati akayandikira makina, manja ankawapinda kumbuyo.

Madzulo anapeza agogo ataima pamsewu. Asanapereke moni, agogowo anamugwira manja, nayang'ana zala zonse, kuseri ndi kuno. Zinali zamphumphu. Anapuma mpweya wautali, n'kuloza ndi mlomo kukhonde.

Kanyerere anali atakhala pachitseko, maso otupa, nkhope itakwinyika. Agogo anati chiyambire masana wakana kuchokapo, wakhala akulondera mthunzi.

"Mwachedwa," anatero mwanayo. "Wadutsa."

Mthunzi unalidi utalowa m'nyumba pang'ono. Mayi anapepesa, nakhala pansi pambali pake. Mwana sanamukumbatire. Anawerama, anamuvula nsapato imodzi, kenako inayo, anazikokera pakhoma n'kuzikhalira.

Agogo anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mdzukulu, nalowa m'nyumba akung'ung'udza.

"Mawa ndikudzutsa kusanache. Kulira kumeneku kumadya nthawi, basi ingakusiyenso."