Tisheti ya a Gwanda

Lole inali itaima kale pamsewu, dalaivala akupukuta galasi, pamene mawu anayamba kukwera kuseri kwa nyumba ya siwa. A Gwanda, omwe ankamanga thumba la ufa pakhonde, anasiya chingwe n'kupita kukaona.

Anapezako anthu atatu. Mayi Maness, mkazi wa malemu a Anock, anali pamphasa atazolika. Pambali pawo panaima a Godwin, mkulu wa mpingo, ndi a Leston, wapampando wa chipani china m'dera la Biwi, nsalu yatsopano ili pamkono. Pansaluyo panali nkhope ya bwana amene ankafuna mpando wa phungu chaka chimenecho. Loleyo inalinso ya bwana yemweyo.

"Ife sitikupempha zambiri," anatero a Leston. "Bwana apereka lole, mafuta ndi dalaivala mpaka ku Ntcheu. Tingofunditsa nsaluyi pabokosi basi. Malemuwa anali athu."

"Pabokosi la mkhristu pamakhala nsalu ya mtanda," anayankha a Godwin. "Mukaikapo nkhope ya munthu, mpingo suyimba. Mukaike nokha malirowa."

"Chabwino abambo, yimbani mpaka bokosilo liuluke likatere ku Ntcheu."

Galimoto ina panalibe, ndipo kumudzi adzukulu anali atatha kale kukumba manda.

A Leston ataona a Gwanda anamwetulira. "Eya, mboni nayi. Achimwene, inu mumamwa nawo tiyi tsiku lililonse. Nenani pamaso pa anthuwa. A Anock sananene okha kuti bwana wathu yekha ndiye munthu? Tisheti yathu sankavala?"

A Gwanda ankasoka nsapato pamsika, a Anock ankakhoma zidebe moyandikana nawo. Kwa zaka makumi awiri, masana aliwonse, ankakakhala m'tiirumu ya Kassimu kumvera nkhani za pawailesi. A Anock sankalola nkhani kudutsa osaithirira ndemanga. Shuga akakwera mtengo, boma linali la akuba. Ngalande ikakonzedwa, boma lomwelo linali la anthu ophunzira. Tsiku limene bwana uja anakumbitsa mjigo, a Anock ananenadi kuti, "Uyu yekha ndiye munthu." Mjigowo utafa patatha milungu itatu, anati, "Onsewa ndi amodzi, amangosiyana mtundu wa nsalu." Matisheti anali nawo a zipani zitatu. Ankawavala pantchito poopa kung'amba malaya awo ndi malata.

A Gwanda okha ndiwo sankanenapo kanthu. Akafunsidwa maganizo awo ankangoti, "Kaya." N'chifukwa chake a Anock ankawatcha a Kaya, ndipo dzinalo linamatirira msika wonse.

Tsopano onse anali kuwayang'ana.

"Ananenadi," anatero a Gwanda pang'onopang'ono. "Koma anatamaponso ena, n'kuwanyozanso onse. Mnzangayu ankakonda kucheza. Chipani analibe."

Nkhope ya a Leston inagwa. Anapinda nsalu ija kawiri, n'kuipana m'khwapa. "Ndiye ndalakwitsa khomo. Ndikamuuze dalaivala abwerere."

Apo m'pamene mayi Maness anadzutsa mutu. Sanayang'ane a Leston kapena a Godwin. Anayang'ana a Gwanda.

"Alamu, ndiwasenza pamutu kodi?"

A Gwanda anakumbukira maliro a kwawo. Akazi awo atamwalira zaka zinayi zapitazo, anali a Anock amene anayenda tauni yonse wapansi kufunafuna galimoto, n'kubwera nayo dzuwa lili paliwombo, mapazi atatuwa. Sanakambiranepo za tsikulo.

"A Leston, taimani," anatero a Gwanda. "Bokosi limakhala pansi, pakati pa amayi. Nsalu yanuyo aiona ndani? Imangeni pamwamba, pachitsulo cha kumbuyo kwa dalaivala. Aiona anthu kuyambira pano, Nathenje, Dedza, mpaka ku Lizulu."

"Nsalu pa lole ya bwana ndi nkhaninso? Loleyo ndi yake kale. Bwana akufuna anthu aone kuti pamaliro pano pali munthu wathu."

Kumaso kwa nyumba amayi anayambitsa nyimbo ina, n'kuisiya panjira chifukwa sankadziwa ngati mwambo uyamba kapena ayi.

"Tisheti muli nayo?" anafunsa a Gwanda.

"Ya ndani?"

"Yanga."

A Leston anaseka, kenaka anaona kuti a Gwanda akumasula kale mabatani a jekete lawo lakuda. "A Kaya? Inuyo? Muvale tisheti ya chipani?"

"Ndiima kutsogolo kwa lole, pansi pa nsalu yanuyo, mpaka tikafike. Koma pabokosi pakhale mtanda, ndipo mpingo uyimbe."

A Leston anakanda chibwano. Biwi yense ankadziwa kuti a Gwanda sanapondepo pamsonkhano wa chipani chilichonse. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati munthu wogula mbuzi.

"Komanso ndi zoona," anatero motsitsa mawu. "Wakufa savota. Inuyo ndiye mudzavota."

"Zovotazo kaya," anatero a Gwanda.

A Godwin anatembenukira kumbali n'kukhosomola. A Leston anapisa dzanja m'chikwama, momwe simunkasowa matisheti nyengo ya kampeni, n'kutulutsa imodzi ikadali m'pepala lake. Inali yaikulu. Nkhope ya bwana inafika pamimba pa a Gwanda, manja a tishetiyo n'kulendewera mpaka m'zigongono.

"Pobwera ndikubwezerani."

"Imeneyo sabweza, achimwene."

Mwambo unayenda mwachangu. A Godwin anayala nsalu ya mtanda pabokosi, anapemphera, amayi n'kuyimba ndi mawu onse. Amuna anakweza bokosi m'lole, amayi anakhala molizungulira. A Gwanda anakwera pomaliza, n'kukaima kutsogolo atagwira chitsulo.

Lole inadutsa pang'onopang'ono pamsika. Anthu a m'tiirumu anatuluka n'kuvula zipewa. Kassimu anaima pakhomo, ketulo ili m'manja. Ataona a Gwanda anatsegula pakamwa, n'kugunda mnzake ndi chigongono. A Gwanda anadziwa kuti pofika mawa msika wonse udzakhala ukunena kuti a Kaya agulidwa, ndiponso kuti ena adzayamba kupita ndi nsapato zawo kwina. Anayang'ana kutsogolo, kumsewu.

Atadutsa nyumba zomaliza za m'tauni, anamva wina akukoka tisheti ija kumunsi. Anali mayi Maness, omwe anakhala chapafupi, dzanja lina lili pabokosi. Maso awo anali otupa, koma pakamwa pawo pankanjenjemera ngati munthu amene akubisa kuseka.

"Alamu, anzanuwa akanakuonani chonchi, mukanamwa tiyi mwamtendere?"

"Akanati chiyani?"

"Akanati yakukulirani."

A Gwanda anayang'ana bokosi kanthawi, n'kubweza maso kumsewu. Mphepo inkafufumitsa tisheti ija ngati thumba. Anailowetsa m'buluku ndi dzanja limodzi, n'kugwiritsa chitsulo.