Mwendo wa Binali

Binali ndi Jailosi anadziwana kunkhondo, ali asilikali a Keyala. Ntchito yawo inali kuthamangitsa mauthenga pa njinga zamoto m'chipululu cha Somaliya ndi m'mapiri a Abisiniya. Jailosi anabwerako wamphumphu. Binali anasiyako mwendo wakumanzere, njinga yake itaponda bomba lokwiriridwa mumchenga.

Atabwerera kwawo ku Chipoka, Binali analeka kuyenda pagulu. Ankangosoka maukonde a anthu kuseri kwa nyumba, ngakhale kumzikiti ankapita mwa apo ndi apo.

M'chilimwe cha 1948 Jailosi anatulukira, fumbi thupi lonse, ali pa njinga yakale ya asilikali imene anagula ku Halale komwe ankagwira ntchito. Anabwera nayo yekha kudzera ku Tete.

"Dzuka, mnzanga," anatero. "Ku Zomba kuli mmisiri wosema miyendo. Ndamuona ndi maso angawa."

"Ndikwerenso chinthu chimenecho?" anafunsa Binali. "Sichinakhute mwendo umodzi?"

Jamila, mkazi wa Binali, sanadikire kuti amuna ake avomere. Anatulutsa mkeka wopempherera, chambo chowamba ndi nsalu yaitali.

"Alamu, muwamange m'chiuno mwanu ngati mwana," anauza Jailosi. "Akagwa, mugwere limodzi."

Ananyamuka m'mawa, Binali atatsinzina, akunong'ona Bisimila. Njira yachidule inalipo, koma pa Golomoti Jailosi anakhotera dala kumapiri a Dedza. Msewu unali wamiyala, wokhotakhota, phompho lili pambali. Pa chitunda china njinga inayamba kutsokomola.

"Tsitsa giya, iwe!" anakuwa Binali, maso ali tong'o. "Mpaka lero sunaphunzire?"

Jailosi anachedwa. Injini inazima, onse awiri khu! m'maudzu, nsalu ikadawamangabe. Anayesa kudzuka, aliyense kukokera kwake, nagwanso. Binali anaseka mpaka misozi, kuseka kumene Jailosi anakumva komaliza ku Somaliya.

Pamwamba pa phiri kunkazizira. Binali anayala mkeka naswali, mnzake akumanga tcheni cha njinga. Kenako anadya chambo, akukangana za mayina a midzi ya ku Abisiniya imene anadutsamo.

Atafika ku Zomba, mmisiri uja anamusemera Binali mwendo. Unali wolemera, ndipo malamba ake ankatupitsa ntchafu. Binali anautukwana masiku oyamba, koma pang'onopang'ono anataya ndodo.

Pobwerera, atatsika mapiri, Binali anamugwira Jailosi paphewa.

"Ima. Khala kumbuyo."

"Nanga buleki ya kuphazi lakumanzere uponda ndi chiyani?"

"Uponda ndiwe. Ndikakuwa, ponda."

Analowa m'Chipoka chomwecho, Binali atagwira mahandulo, Jailosi atatambasula mwendo, akukuwirana ngati anthu oyambana.

Jailosi anabwerera ku Halale pa sitima, njinga anaisiya. Mvula isanagwe, Binali anali atasamutsira buleki kumanja, ndipo ankakwera ndi dengu la nsomba mpaka ku Lilongwe.