Mapesi Atatu a Malemu

Nkhaniyi ndinaimva kwa wosoka nsapato wina pa depoti ya basi, tsiku lomwe chidendene cha nsapato yanga chinandithawa. Anali ndi khutu limodzi ndi theka, koma sindinafunse.

Akuti kunali mayi wina telala, wamasiye, amene kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda wa malata, anali ndi mabedi anayi a letesi. Osati wa masamba olendewera uja ayi, koma womanga mutu ngati kabichi, woti ukaluma mnzako amamva ali pakhomo.

Mbewu yake sinali ya m'sitolo. Chaka chilichonse mwamuna wake ankasiya mitu itatu yolimba koposa osaidula. Ankaicheka pamwamba ndi mpeni kuti phesi lituluke, litalike mpaka m'chiuno, lichite maluwa achikasu, kenako tiubweya toyera, ndiye n'kukutumulira njere mu envulopu. Anasankha choncho zaka khumi ndi ziwiri, mpaka letesi wake ankamanga ngakhale dzuwa litalusa. Bamboyo atamwalira, mbewa zinadya envulopu ija mu kabati. Chotsala chinali mapesi atatu a chaka chimenecho basi, ndipo mayiyo ankawazonda m'mawa uliwonse ngati odwala.

Ndiye kunabwera mlamu wake, mng'ono wa malemu, dalaivala wa lole nthawi imeneyo, kudzagona masiku angapo lole ili ku galaja. Anali munthu woti akaona chopendama amawongola osafunsa. Loweruka m'mawa mayiyo atapita kukayeza mkwatibwi diresi, mlamuyo analowa m'dimba n'kuona mapesi ataliatali onyansa, a maluwa achikasu, pakati pa mitu yokongola. Analawa tsamba limodzi, kuwawa ngati mankhwala. Anatenga chikwanje, kugwetsa onse atatu, kuwaduladula, n'kuponyera nkhuku m'khola.

Mayiyo pobwera anamupeza atakhala pa ndowa, thukuta kamukamu, akumwetulira.

"Alamu, dimba limafuna dzanja la mwamuna. Tchire lanu lija ndakuchotserani."

Mayiyo anayang'ana zitsa zikutuluka utomoni woyera. Ananyamula kheni yachitsulo yothirira n'kumufwafwantha nayo pamphuno. Magazi anachita kuwaza pa malata. Mlamuyo, osadziwa chomwe walakwa, anadzuka ndi khofi lomwe linagwetsera mayiyo pa njerwa za m'mphepete mwa bedi, mkono n'kulira thyo. Ukali utamukwera anayamba kuponda mitu ija umodziumodzi, uku akutukwana kuti munthu angamuswe mphuno chifukwa cha udzu wodyetsa mbira. Mitu inkaphulika pansi pa jombo zake.

Anaiwala kuti telala sayenda wopanda sizasi. Atawerama kuti azule mutu womaliza, mayiyo anamudumphira kumsana, dzanja limodzi lili lende, n'kumudula khutu ngati mpendero wa nsalu. Kachidutswako kanagwera pafupi ndi khola, nkhuku n'kuyamba kulimbirana kudzera pa waya.

Aneba anachita kugwetsa mpanda kuti awaleretse. Atamugwira mayiyo m'pamene mawu anatuluka.

"Mapesi aja ndi mbewu ya akulu anu. Mwawaika m'manda kawiri."

Akuti mlamuyo anasiya kugwira khutu, manja anangogwa. Mayiyo anakana kukwera galimoto ya kuchipatala mpaka atakwawira m'khola n'kufufuza m'zitosi ndi dzanja lamoyo lija. Anapeza timapesi topanda kanthu. Nkhuku zinali zitatha ntchito.

Wosoka nsapato uja anamaliza ndi kuti patapita masabata atatu, pakhomo pa khola panamera timbande tisanu ta letesi, ndipo titakula n'kumanga, mayiyo anatumiza mutu woyamba kwa mlamu wake. Anakoka ulusi ndi mano, osandiyang'ana.

Za khutu ndikukhulupirira, ndinaliona ndi maso anga. Koma inenso ndinalimako letesi kwina komwe ndinakhalapo, ndipo phesi lodulidwa maluwa akadali achikasu silibereka njere. Za timbandeto ndikukayika. Ndikuganiza kuti wosoka nsapatoyo anatidzala yekha mumtima mwake kuti azipeza tulo.