Nati ya Tayala Lakutsogolo

Mmisiri wa njinga ankasesa pansi pa benchi lake m'mawa pamene anaona nati ili m'fumbi. Ataitola, anaizindikira. Inali ya tayala lakutsogolo la njinga ya wogulitsa buledi, mnzake wa mu kwaya, amene dzulo lake anagwa pamtsetse tayalalo litaguluka. Tsopano anali m'chipatala, mwendo utathyoka.

Anakumbukira zonse. Pokonza njingayo anamanga nati ya mbali imodzi, foni n'kulira. Atabwerera anangopukusa tayala, n'kunena kuti, "Yatheka, pitani."

Mkazi wake anatulukira ndi kapu ya tiyi.

"Bambo, nkhope imeneyo bwanji? Mwaona njoka m'bokosi la masipanala?"

Anatambasula dzanja n'kumufotokozera monong'ona.

"Ndikaiponye m'chimbudzi," anatero. "Palibe akudziwa. Onse akuti ndi maenje a mumsewu."

"Ndiye Lamulungu mukayimba bwanji, malo a mnzanu ali pululu pambali panu? Mlandu suwola, bambo."

"Abale ake akandimenya. Mwinanso akandiitanira apolisi."

 Mkaziyo anatenga sopo ndi beseni n'kumusambitsa girisi m'manja, chala chimodzichimodzi. Kenako anamuikira malalanje awiri m'thumba.

Pakhomo la wodi mmisiri uja anabwerera kawiri. Malaya anali atanyowa kumsana. "Ambuye, musalole kuti ndiname," anapemphera, n'kulowa.

"Eee, wabwera wa mawu okwera!" anafuula wodwalayo. "Kwaya yatha basi, besi wanu ndili chagada."

Mkazi wa wodwalayo anasendera kuti mlendo akhale pampando. Iye sanakhale. Anagwada pasimenti, n'kuika nati ija pabulangete.

"Achimwene, si msewu ayi. Ndine. Sindinaimange."

Mayi uja anadzambatuka. "Pepani sapoletsa chilonda! Miyezi itatu bambo ali gone, ana anga adya chiyani?"

Odwala a m'mabedi ena anatembenuka. Mmisiri anaweramitsa mutu, kudikira khofi.

Wogulitsa buledi anaiyang'ana natiyo nthawi yaitali.

"Ndakwiya, sindikubisira," anatero pomaliza. "Mwina mawa ndidzakwiya kuposa lero. Koma zimene Ambuye anandikhululukira ineyo, ukanazidziwa sukanaima nane mzere umodzi. Dzuka, anthu akutiyang'ana. Tandikwezera piloyu, msana ukuwawa."

Mmisiri anamukweza pang'onopang'ono, n'kukonza pilo. Atatero anatembenukira kwa mayi uja.

"Alamu, buledi amakasiya m'magolosale ati? Njinga ndili nayo. Ndiziyamba ndi zimenezo ndisanatsegule kwanga, mpaka adzayende."

Mayiyo anayang'ana kuwindo. Namwino anadutsa ndi ngolo ya mankhwala, n'kufika mpaka kumapeto kwa wodi. Kenako, osamuyang'ana kumaso, mayi uja anayamba kutchula magolosale aja, woyamba wa pafupi ndi sukulu.