Goloboyi Wanu Ali Pageti

Zaka zisanu ndi zinayi ndidasewera kutsogolo kwa Ba Lombe Chishala mu timu ya Twapia Hammers kuno ku Ndola, ine wotchinga kumbuyo, iwo pagolo. Pakamwa pawo padali poyabwa. "Mumbi, galu iwe, tseka kumanzere!" Masewero akatha ankandigulira botolo la munkoyo ngati si iwo ananditukwana aja.

Chaka chatha tidathera pa nambala folo mu ligi ya chigawo cha Copperbelt, koma palibe timu idamwa zigoli zochepa kuposa ife: khumi ndi zinayi zokha m'masewero makumi atatu. Sikuti ife akumbuyo tidali akatswiri ayi. Tinkadontha ngati denga la m'mudzi mvula ya Januwale. Ankatibisa manyazi ndi Ba Lombe, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, wa mawondo olira akamadzuka pansi. Masewero omaliza ku Mufulira adagwira penate, chala chaching'ono n'kuthyoka. Adachimanga ndi tepi pamodzi ndi chinzake, n'kumaliza mphindi makumi awiri zotsalazo.

Patadutsa milungu iwiri, tidangoona pagulu lathu la WhatsApp kuti Ba Kapambwe achotsa Ba Lombe. Popanda msonkhano, popanda kalata, ngakhale zikomo wa pakamwa. Ba Kapambwe ndiwo adali apampando a timu, eni malole onyamula miyala ndi magolosale atatu. Mawa lake adatulukira pabwalo ndi goloboyi watsopano wochokera ku Lubumbashi.

"Madala uja watha," adatero akutsamira galimoto. "Tayala likasalala sulipempherera, umalichotsa."

Ine ndidali kaputeni. Anyamata onse adayang'ana ine. Ndidawerama n'kumanga chingwe cha nsapato chomwe chidali chomanga kale. Sabata imeneyo Ba Lombe adandiimbira kawiri, ndipo kawiri konseko ndidangoiyang'ana foni mpaka idaleka kulira.

Chaka chilichonse mu Disembala akuluakulu a mpira m'chigawo amapereka mphoto, ndipo ya goloboyi wopambana amavotera ndi makochi ndi makaputeni a matimu onse. Suvotera wa timu yako. Mwambo udali Loweruka masana mu holo ina ku Kitwe. Ba Kapambwe adanditenga pa galimoto yawo, atavala jekete yoyera ndi mphete zitatu.

Titakhala pa tebulo ndidaona kuti pali mipando itatu, wina wopanda munthu.

"Ba tcheya, mpando uwu ngwa ndani?"

"Ngwa chipewa changa." Adachiikapodi.

"Ba Lombe ali pa mndandanda wa atatu omaliza. Khadi lawo loitanira silidabwere?"

Adagunda thumba la jekete. "Lili muno. Lidabwera ku timu, si kunyumba kwake. Iye ndi wa timu iti? Akapambana ndikalandira ndine. Idya chikanda icho, Mumbi, usandiwonongere tsiku."

Wani koloko itangodutsa foni yanga idanjenjemera. Udali uthenga wa Ba Lombe: "Ndili pageti. Ndamva pa wailesi kuti dzina langa lilipo. Mlonda akufuna khadi. Lili ndi ndani?"

Ndidawaonetsa Ba Kapambwe. Adawerenga akutafuna.

"Zimitsa chinthucho. Ukufuna kusewera chaka chamawa kapena ukufuna kukhala mlonda nawenso?"

Ndidaika foni m'thumba. Ndidamvera zokamba za mlendo wolemekezeka, ndidaomba m'manja atatchula womwetsa zigoli zambiri, ndidaombanso atatchula woimbira mpira wabwino, mtima ukundiwira ngati phula.

Kenako woyendetsa mwambo adakweza chikho chooneka ngati dzanja lovala golovesi.

"Goloboyi wopambana chaka chino, ndi mavoti makumi awiri ndi limodzi, Lombe Chishala!"

Holo idasokosera. Ba Kapambwe adadzuka pang'onopang'ono, kumanga batani, kukwera nsanja ngati munthu wopita kukabatizidwa. Adalandira chikho ndi manja awiri, wojambula n'kuwajambula. Ndiye adagwira maikolofoni.

"Abale, mwana wathu Lombe sadathe kubwera. Ali gone kunyumba, dzanja lija likumuvutitsa. Koma musade nkhawa. Ife a Hammers ndife banja, sititayana. Tikumusamalira ngati dzira. Dzulo lomweli ndinali kwawo, wandituma kuti ndikuthokozeni nonse."

Sindikumbuka kuti ndidaganiza zodzuka. Ndidangomva mpando wanga ukugwa kumbuyo.

"Bodza!"

Mitu yonse idatembenuka.

"Ba Kapambwe, mukunama! Mukunama pamaso pa anthu ndi Mulungu! Kwawo kwa Ba Lombe mukukudziwa inu? Tchulani nambala ya nyumba! Mudawataya ngati chikoko cha nthochi chala chisanapole n'komwe. Munthu ali pageti apo, padzuwa, khadi lake lili m'thumba la jekete yanuyo!"

"Khala pansi, iwe!" Adayesa kuseka. "Pepani abale, mnyamatayu walawa msanga."

"Ndalawa chiyani? Fanta? Tulutsani khadi!"

Pa tebulo la timu ya ku Chingola padadzuka chimunthu chachitali, Sikazwe, goloboyi amene adakhala wachiwiri pa mavoti. Adavula tayi, kuiponya pa mbale, n'kulunjika kukhomo. Wina wa ku Luanshya adamutsatira, kenako wina, kenako wina. Magoloboyi ndi anthu a mtundu wawokha: pabwalo amadana, koma onse amadziwa kuwawa kotola mpira m'neti anthu akukuwa dzina la mayi ako. Adatuluka khumi ndi awiri. Tidamva phokoso kugeti, mlonda akuti "Malamulo, bwana, malamulo," Sikazwe akuti "Ndikukunga pamodzi ndi geti lakoli."

Adabwera nawo ali pakati. Ba Lombe adali mu suti yobwereka, mikono yake yothera pamwamba pa wotchi, shati itanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno, nsapato zili mbuu. Dzanja lamanja lidali mu pulasitala yakuda ndi litsiro. Sadayang'ane munthu. Adakwera nsanja.

Ba Kapambwe adatambasula dzanja limodzi, linalo litapanira chikho pamimba.

"Aa, mwana wanga! Wachira! Taonani zodabwitsa za Ambuye!"

"Musandikhudze."

Maikolofoni idali yoyatsa, holo yonse idamva.

"Bweretsani chikhocho."

"Lombe, tikakambirana ku ofesi. Chikhochi n'cha timu. Jezi udavala inali yanga, magolovesi anali anga, basi yopita ku Mufulira inali yanga."

"Chala chidathyoka chinali chanu?"

Ba Lombe adagwira chikho ndi dzanja lamanzere. Ba Kapambwe sadasiye. Adakokana pamaso pa mlendo wolemekezeka, bambo wa malole ndi bambo wa dzanja limodzi, mpaka batani la jekete yoyera lidathothoka n'kugubuduka pa nsanja. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri akulanda mipira pamitu pa anthu sungamupose kugwira. Chikho chidatsala m'manja mwa mwini wake.

Woyendetsa mwambo adafuna kutseka nkhani, koma Ba Lombe adamukankha ndi chigongono.

"Ndikuthokoza makochi ndi makaputeni amene mwandivotera. Inu mudandiona, ngakhale ndinkakumanani zigoli. Tsopano Ba tcheya, kwezani manja anu anthu awaone. Kwezani! Mukuopa chiyani? Manja osalala ngati matako a khanda. Adagwirapo chiyani kupatula chiwongolero ndi ntchafu ya nkhuku? Anga ndi awa. Palibe chala chowongoka. Ichi chidapita ku Chililabombwe, ichi ku Kalulushi, ichi ku Mufulira. Zonse ndidasiya pa golo lanu, inu n'kundichotsa ndi chala chimodzi pa foni muli pa sofa. Kukalamba ndakalamba, sindikukana. Mukadandiitana n'kundiuza pamaso, ndikadakupatsani magolovesi anu ndi manja awiri. Koma kundidwalitsa ndili moyo? Kundigoneka pa bedi kuti mujambulitse? Thu!"

Adalavulira pambali, n'kutsika. Ena adaimirira kuomba m'manja, ena akuluakulu adayang'ana m'mbale. Ba Kapambwe adatola chipewa chawo n'kutulukira khomo la kukhitchini.

Ndidawapeza Ba Lombe panja, pansi pa mtengo wa jakaranda, akuyesa kukulunga chikho mu jekete. Ndidafika ndikumwetulira. Ndivomere, ndinkayembekeza kuti andikumbatira.

"Bamudala, mwawaonetsa!"

Adandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ukufuna ndikuombere m'manja?"

"Aa, si ine ndakuwa muja?"

Adatulutsa foni ndi dzanja lamanzere, kuisuzumitsa pamphuno panga. "Uthenga wanga unauwerenga wani koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Tizizindikiro iti tabuluu. Wakuwa nthawi yanji? Hafu pasiti thuu. Ola lathunthu ndi kuposa ndili chiimire ngati wopempha, anyamata amene ndidawaphunzitsa kugwa akundidutsa ndi akazi awo, iwe uli pa mthunzi ukudya."

"Ndinkaopa, Ba Lombe. Ndili ndi ana."

"Ine ndili ndi mbuzi? Ndidakuimbira kawiri, Mumbi. Sindinkafuna kuti undibwezere pa timu. Ndinkafuna munthu mmodzi andiuze kuti zachitikazi n'zoipa. Bana Chilufya ankandifunsa kuti, nanga mnzako uja? Ndinkati foni yake yaonongeka. Ndidanamiza mkazi wanga chifukwa cha iwe!"

Apo nanenso magazi adakwera.

"Ndiye ndikadangokhala chete? Ndataya malo anga lero chifukwa cha inu! Ngakhale galimoto yobwererera ku Ndola ndilibe!"

"Takulandira kunja kuno. Siteji ya minibasi ili uko."

Tidakwera minibasi imodzi chifukwa idali yokhayo yotsala pang'ono kudzadza. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni. Kuchokera ku Kitwe mpaka ku Ndola palibe adatembenuka.

Lolemba kalata yondichotsa pa timu idafika: kuchititsa manyazi timu pagulu. Pano ndikusewera ku Luanshya, ligi yotsika, bwalo lodyetsera mbuzi. Ba Lombe sadabwererenso pagolo, chala chidapola chopindikira kunja. Sikazwe adawanenera kwa akuluakulu ake, ndipo pano Ba Lombe akuphunzitsa magoloboyi ku Chingola. Tikakumana amayankha moni, basi. Ndimawakwiyirabe, ndipo masiku ena ndimadzikwiyira ndekha kuposa iwo.

Mwezi wa Febuluwale ndidalowa kwa wometa ku msika wa Masala. Atandimeta theka la mutu ndidakweza maso, n'kuona kalendala yatsopano ya Hammers pakhoma. Chithunzi chachikulu pakati: Ba Kapambwe mu jekete yoyera, mabatani onse alipo, atanyamula chikho ndi manja awiri. Pansi pake adalemba kuti timu yosamala osewera ake.

"Chotsa icho," ndidamuuza wometayo.

"Chifukwa? Ndapatsidwa ulele, ndipo masiku ake ngakuluakulu."

"Ndati chotsa!"

"Ba Mumbi, muno si mu holo ya ku Kitwe. Khalani bwino ndikumalizeni."

Ndidavula nsalu ya m'khosi, kuiponya pa mpando, n'kutuluka ndi mutu wometa mbali imodzi. Ndidayenda choncho msika wonse, amayi ogulitsa kapenta akuseka mpaka kugwirana mapewa.