Maola Asanu Amene Ndinabisa Mwana Wanga

Keneuwe anapsa dzanja naini koloko m'mawa, koma ku kiliniki tinafika naye itadutsa thu koloko masana. Kiliniki yake si kutali ayi, wapansi ndi mphindi khumi ndi zisanu kuchokera kunyumba kwathu kuno ku Phuthaditjhaba. Maola asanu amenewo ndinawadya ndine, Motlatsi Rantsho, bambo wake, dikoni wa mpingo, munthu amene anzanga amati ndili ndi mutu.

Ine ndi mkazi wanga, Mmakeneuwe, tinamuchotsa mwanayu kusukulu atamaliza Giredi 2. M'kalasi mwake munali ana oposa makumi asanu, ndipo ankabwerako osatha kuwerenga ngakhale dzina la pa paketi ya shuga. Komanso tinkafuna kuti tsiku lake liziyamba ndi pemphero ndi Mawu a Mulungu. Mkazi wanga anaphunzirapo uphunzitsi wa ana aang'ono, ndiye anatenga Sesotho ndi Chingerezi. Ine ndinatenga masamu, ndikamapumira mafiriji amene ndimakonza kuseri kwa nyumba. Zimenezi sindichita nazo manyazi mpaka lero.

Chimene ndimachita nacho manyazi ndi makatani.

Tsiku lina pa gulu lathu la makolo la pafoni panabwera uthenga wa mawu. Woyankhulayo sindinamuonepo nkhope. Anati, "Abale, lamulo lasintha. Mukangolembetsa mwana kuboma, mwamupereka nokha. Adziwa khomo lanu, ayamba ndi kukulandani Baibulo, amalizira mwana." Ndinaumvetsera katatu, n'kuutumiza kwa anthu makumi awiri. Lamulolo sindinaliwerenge ngakhale tsamba limodzi.

M'malo mwake ndinaika langa lamulo. Kuyambira eyiti koloko mpaka belu la pulaimale ya kumtunda kwathu litalira thu koloko, makatani akhale otseka. Keneuwe asatuluke, asaimbe mokweza, asaseke mokweza. Wina akamufunsa, azinena kuti amaphunzira ku tauni ina, ku Harrismith. Tinakhala choncho chaka ndi theka, masana kuyatsa getsi ngati nyumba ya maliro.

Tsiku la ngozilo linali Lachitatu, mwezi wa Juni, chisanu chija chotsika m'mapiri chili pachimake. Ketulo inali pa hita ya palafini. Pensulo ya Keneuwe inagubuduzika, iye poitola anagunda ketuloyo, madzi onse khuthu pa dzanja lamanja. Mayi wake anathamanga naye pa mpope n'kumuthira madzi ozizira kwa nthawi ndithu. Kenako anamufunditsa bulangete n'kulunjika naye kukhomo. Anapeza nditaima pamenepo.

"Ntate, chokani pakhomo," anatero. Kwathu kuno bambo timati Ntate, mayi timati Mme.

"Taonani nthawi, Mme. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi pamsewu naini koloko? Aliyense afunsa kuti bwanji sali kusukulu."

"Afunse! Simukuona matuzawa?"

"Manesi amalemba zonse. Mukufuna madzulo ano akagone m'manja mwa boma?"

Anakhala pansi, misozi ili chuchuchu. Ine, katswiri wa mafiriji, ndinasanduka dokotala: ndinatenga mankhwala otsukira mano n'kupaka pa balalo, kenako n'kupempherera.

Keneuwe sanalire mokweza. Analuma ngodya ya bulangete. Ndinkaganiza kuti ndi kulimba mtima, mpaka cha m'ma leveni pamene anandifunsa monong'ona.

"Ntate, belu lalira? Ndikufuna kulira."

Ndinamva, koma sindinasunthe. Ndikanakonda kukuuzani kuti pamenepo ndinatsegula chitseko, koma lingakhale bodza lina.

Belu litalira ndinakafukula juzi lake lakale la yunifolomu n'kumuveka. Manja a juzilo ankalekeza m'zigongono. Panjira ndinamuphunzitsa choyankha. "Unene kuti wapsa pompano, utangoweruka. Wamva?" Anangogwedeza mutu.

Ku kiliniki tinapeza Sista Moletsane, mayi wonenepa wa magalasi a chingwe. Anayang'ana dzanja, anayang'ana juzi, kenako anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasiwo.

"Wapaka zotsukira mano ndani? Balali lili ndi mano?"

Anatembenukira kwa mwana. "Zachitika nthawi yanji, mwana wanga?"

Keneuwe anandiyang'ana. Lolemba la sabata yomweyo ndinali nditamuloweza ndime ya m'Baibulo yoletsa bodza, ndipo ndinamupatsa nyenyezi m'kope mwake atainena osaphonya.

"Ntate," anatero, "ndinene chiti? Chimene mwandiuza panjira, kapena chija cha Lolemba?"

Ndakhalapo ndi manyazi pa moyo wanga, koma awa anali ena. Ndinasowa pobisa nkhope. Mkazi wanga ndiye anayankha: "Naini koloko, Sista. Amaphunzira kunyumba. Tinaopa."

Sista anatsuka balalo pang'onopang'ono, mwana akulira tsopano ndi mawu ake onse, n'kulimanga. Anati m'mawa mwake tikaonane ndi dokotala kuchipatala chachikulu, chifukwa pakati pa zala panapsa kwambiri. Kenako anatulutsa mayi ndi mwana, n'kundiloza mpando.

"Ntate Rantsho, khalani apo. Si inu oyamba kundibweretsera bala la m'mawa thu koloko, mwana atavala yunifolomu yonunkha sutikesi. Ndikuuzani osazungulira: nkhaniyi ndiipereka kwa a zosamalira ana. Lamulo limandikakamiza."

Ndinayankha mokweza. "Ndinadziwa! Ndi zomwe tinkanena. Munthu kuphunzitsa mwana wako Mawu..."

"Iyayi, musandinamizire. Za kuphunzira kunyumba sindilembapo ngati mlandu, chifukwa si mlandu. Ndikulemba za maola asanu. Mwana wopsa munamusunga m'nyumba maola asanu. Amene mumawathawawo mwawaitana nokha."



"Mng'ono wanga ku tauni ya Bethlehem, m'dziko lathu lomwe lino, amaphunzitsa ana ake atatu kunyumba," anapitiriza. "Amayamba ndi nyimbo ndi pemphero, zenera lili pululu, oyandikana nawo mpaka anaziloweza nyimbozo. Kusiyana kwake ndi inu n'kumodzi: iye analembetsa. Lamulo limalola kholo kuphunzitsa mwana kunyumba, koma limati ukapemphe kumulembetsa ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo. Umaonetsa zimene uziphunzitsa, umasunga ntchito za mwana, ndipo pakapita nthawi amayesedwa kuti zioneke ngati akupita patsogolo. Akakukanira, pali kodandaula."

"Nanga akadzasintha lamulo, n'kutiletseratu?"

"Malamulo amasintha, zoona. Mng'ono wanga naye zina sagwirizana nazo, ndipo kukakhala msonkhano womva maganizo a anthu amapita kukakangana nawo, dzina lake n'kulitchula. Inu mudzakangana nawo bwanji muli kuseri kwa katani? Munaliwerengapo lamulolo?"

"Ndinamva pafoni."

"Pafoni," anatero, akuvula magalasi. "Safunsa anadya phula, a dikoni."

Lachisanu kunabwera mayi wa zosamalira ana, pa galimoto yoyera ya boma, imene ndinkaopa kuiona pakhomo panga chaka ndi theka. Keneuwe ataiona anadzuka kuti akabisale kuchipinda monga ndinamuzoloweza. Ndinamugwira paphewa. "Khala pompano, mwana wanga. Katsegule makatani." Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo china.

Mayiyo anaona dzanja, anaona makope, anacheza ndi mwana payekha kwa theka la ola. Ndime za m'Baibulo zimene tinamata pakhoma sanazikhudze. Pochoka anandiyankhula mosanyengerera. Anati mwanayo akuwerenga bwino ndipo akuoneka kuti amakondedwa, choncho sakumuchotsa pakhomo. Koma adzabweranso kawiri, ndipo akadzapeza tisanalembetse kapena titamubisanso, nkhani idzapita kukhoti.

Lolemba lotsatira tinakwera takisi kupita ku ofesi ya maphunziro, teni koloko m'mawa, mwana tili naye poyera. Tinanyamula kalata yake ya kubadwa, lipoti lake lomaliza la kusukulu, ndandanda ya maphunziro a tsiku ndi tsiku, ndi makope odzaza chikwama. Ine ndinalowa chifuwa chili patsogolo, wokonzeka kufera chikhulupiriro. Bambo wa pa tebulopo asanatsegule n'komwe chikwamacho, ndinayamba.

"Ndineneretu, Ntate. Baibulo sitisiya."

Anandiyang'ana motopa, ngati munthu amene mawuwa wawamva kambiri. "Wati musiye ndani? Chipembedzo ndi chanu. Ine ndikufuna kuona kuti mwanayu sakutsalira pa zimene anzake a msinkhu wake akuphunzira." Anatsegula makope. "Kuwerenga kuli bwino. Masamu amaphunzitsa ndani?"

"Ndine."

"Zikuoneka. Kugawa simunayambe? Anzake anadutsa kale pamenepo."

Mkazi wanga anatsokomola, koma ndinadziwa kuti akubisa phwete. Chaka ndi theka ndinkalondera khomo kuopa kuti boma liba mwana wanga, osaona kuti ineyo ndikumubera masamu. Bamboyo anatipatsa fomu, anatisonyeza zimene mwana wa Giredi 4 ayenera kudziwa, n'kutiuza kuti tikonze ndandanda yathu tisanaipereke.

Kalata yovomereza inabwera patapita masabata asanu ndi awiri. Mmakeneuwe anaiika mu felemu pafupi ndi chithunzi cha ukwati wathu. Ine ndinalemba uthenga pa gulu lija la pafoni, kufotokoza zonse, osasiya za juzi ndi mankhwala a mano. Ena ananditcha wogulitsa, awiri anatuluka pagulupo. Koma mabanja anayi anandiimbira mwakachetechete kufunsa kumene fomu imapezeka.

Sindikunena kuti nkhawa zonse zinatha. M'lamulomo muli zina zimene sindigwirizana nazo, ndipo sindidziwa kuti zaka khumi zikubwerazi lidzakhala lotani. Pamene kunali msonkhano wa makolo ndi akuluakulu a maphunziro ku holo ya m'tauni, ndinaimirira n'kunena kuti, "Ndine Rantsho, mwana wanga amaphunzira kunyumba, ndipo ndili ndi funso." Akuluakuluwo anandimva ndipo analemba.

Keneuwe tsopano amagawa manambala bwino kundiposa. Teni koloko mayi wake amamutuma buledi kugolosale, ndipo wina akamufunsa za sukulu amayankha mutu uli m'mwamba: "Ndimaphunzira kunyumba, Mme. Ndinalembetsedwa." Ndinamupepesa nditagwada, ine bambo wake, ndipo anandikhululukira msanga kuposa mmene ndadzikhululukira ndekha.

Makolo anzanga, ufulu wophunzitsa mwana wanu kunyumba, m'chikhulupiriro chanu, muli nawo. Koma ufulu umenewu umayendera limodzi ndi ufulu wa mwanayo wophunzira mokwanira, wolandira chithandizo msanga, ndi woyenda masana osaopa. Werengani lamulo nokha, musalimvere pafoni. Pitani ku ofesi ya maphunziro mukafunse, mulembetse mwana, musunge ntchito zake. Pomwe simukugwirizana napo, kanenereni poyera. Ndipo musamuphunzitse mwana bodza pofuna kuteteza sukulu imene munaitsegula kuti aphunzire choonadi.

Dzanja lija linapola, koma chala chaching'ono sichiwongoka bwinobwino. Dokotala anati mwina zikanakhala choncho ngakhale tikanafulumira, mwinanso ayi. M'mawa uliwonse, makatani ali otsegula, Keneuwe amapinda manja kuti tiyambe ndi pemphero. Iye amatsinzina. Ine ndimayang'ana chala chimenecho.